Madring: dzina lokomera amalonda, lachilendo kwa eni mzinda

Mu Malichi 2025 bungwe loyendetsa zionetsero zamalonda la IFEMA Madrid linalengeza kuti bwalo latsopano la mpikisano wa magalimoto a Formula 1 mumzinda wa Madrid lizidziwika kuti Madring. Anatenga dzina la mzindawo n'kulilumikiza ndi mawu oti Ring, omwe ali kumapeto kwa mayina a mabwalo otchuka monga Nürburgring, Hockenheimring ndi Hungaroring. Eni ake anati amafuna dzina lalifupi, losavuta kukumbukira, losafunika kumasulira kulikonse komwe lingafike. Okonda masewerawa anagawikana nthawi yomweyo. Ena anati n'lamakono ndipo likukwana bwino pachipewa. Ena anafunsa kuti likulu la dziko la Spain likubwerekeranji mawu a Chijeremani, ngati kuti Chisipanishi chatha mawu.

Ine ndili kumbali ya odandaula, koma sindivomereza zoti amene anasankha dzinali anachita mwachibwana. Anali ndi zifukwa zolimba, za ndalama ndi za malamulo, zomwe woonera mpikisano pa wailesi ya kanema saziona. Cholakwika n'chakuti anakhutiritsa loya ndi wogulitsa malaya, n'kuiwala malo omwe bwalolo lamangidwapo.

Malowo ndi awa. Mgwirizano wa Formula 1 ndi Madrid unalengezedwa pa 23 Januwale 2024, ndipo ndi wa zaka khumi, kuyambira 2026 mpaka 2035. Bwaloli lili kumpoto chakum'mawa kwa mzinda, pafupi kwambiri ndi bwalo la ndege la Barajas. Mbali imodzi imazungulira nyumba zikuluzikulu za zionetsero zamalonda za IFEMA, kenako msewu umalowa pansi pa msewu waukulu wa M-11 n'kutulukira m'dera la Valdebebas, kufupi ndi komwe timu ya Real Madrid imachitira zokonzekera, n'kubwereranso kudzera njira ina yapansi. Mapulani oyamba anali a makilomita 5.474 ndi makona 20. Atawaunikanso, makona anafika 22 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5.4. Lamulo limati mpikisano wa Formula 1 uzipitirira makilomita 305, choncho magalimoto ayenera kuzungulira ka 57. Malo a oonerera anawakonzera anthu 110,000, ndi chiyembekezo chodzafika 140,000. Pa kalendala ya 2026 mpikisanowu anaupatsa masiku a 11 mpaka 13 Seputembala.

Chofunika kuchigwira pa mkangano wa dzinawu n'chakuti bwaloli si lokhazikika lonse. Gawo lina ndi misewu ya anthu wamba komanso misewu ya mkati mwa IFEMA, momwe masiku ena onse mumadutsa malole a katundu wa zionetsero. Makoma a konkire, mipanda ya waya, mipando ya oonerera, zambiri mwa izi amazibweretsa mpikisano ukayandikira n'kuzichotsa ukatha. Mbali ya Valdebebas ndiyo anaimangira mpikisano mwadala.

Tsono mawu oti Ring ali ndi kwawo, ndipo amanyamula katundu. M'Chijeremani amatanthauza chinthu chozungulira. Bwalo la Nürburgring linatsegulidwa mu 1927 m'mapiri a Eifel, ndipo limazunguliradi mudzi wa Nürburg ndi linga lake lakale la paphiri. Njira yake yakumpoto, Nordschleife, ndi ya makilomita 20.8 m'nkhalango. La Hockenheimring linayamba mu 1932 pafupi ndi tauni ya Hockenheim. Palinso Sachsenring, Salzburgring, Österreichring. Munthu wodziwa masewerawa akamva Ring, m'mutu mwake mumabwera bwalo lokhazikika, lakunja kwa tauni, la mapiri ndi udzu ndi miyala yogwira galimoto ikaphonya kona, lotseguka chaka chonse kwa njinga zamoto, magalimoto oyesedwa ndi mafakitale ndi anthu wamba olipira kuti azungulireko. Bwalo la pakati pa nyumba za zionetsero, lokhala ndi makoma m'mbali, silikwanira m'chithunzi chimenechi. Dzinali likulonjeza chinthu chomwe msewuwo suli.

Oteteza Madring ali ndi yankho labwino pamenepa: Hungaroring. Anthu a ku Hungary salankhula Chijeremani, koma mu 1986 anamanga bwalo pafupi ndi Budapest n'kulitcha choncho, ndipo lero palibe amene amadabwa nalo. N'zoona. Komatu Hungary ndi Austria anakhala pansi pa ufumu umodzi mpaka 1918, Chijeremani chinalowerera kwambiri m'chilankhulo ndi m'moyo wa m'matauni awo, ndipo Hungaroring ndi bwalo lokhazikika la makilomita 4.381 m'chigwa cha Mogyoród, lofanana ndithu ndi abale ake a ku Austria. Mabwalo a ku Spain ali ndi mwambo wawo wosiyana: Jarama, Montjuïc, Pedralbes, Jerez, Montmeló, Cheste. Onsewa anthu amawatchula ndi dzina la mtsinje, phiri, dera kapena tauni.

Palinso nkhani ya katchulidwe, yomwe si yaing'ono pa dzina loti lizinenedwa kambirimbiri pa maikolofoni. Mawu enieni a Chisipanishi sathera ndi ng. Akabwereka mawu otere ku Chingerezi amameza g womaliza, n'chifukwa chake msonkhano wandale amautcha mitin. Ndiye mkamwa mwa munthu wa ku Madrid dzinali lituluka ngati Madrin, atakweza mawu kumapeto, pomwe wowulutsa mawu wa ku London akweza koyambirira n'kulidula pawiri, Mad ndi Ring. Kudula kumeneku kumabweretsa tanthauzo la misala m'Chingerezi. Amalonda a ku Madrid amakonda masewera a mawu amenewa, poti MAD ndi zilembo za bwalo lawo la ndege pa matikiti ndi pa zikwama, ndipo chikondwerero cha nyimbo cha Mad Cool, chomwe chinachitikirapo ku Valdebebas komweko, chinayendera njira yomweyo. Koma kwa munthu wamba wa ku Spain, ring ndi bwalo la nkhonya. Dzina lomwe anati silifunika kumasulira likufunika kulifotokoza kwa eni mzinda, ndipo alendo okha ndiwo akulimva msanga.

Nanga analisankhiranji? Apa mpamene odandaula ambiri amathamanga osaima, chonsecho m'pamene pagona nkhani.

Wokonza mpikisano wa Formula 1 amalipira ndalama zambiri chaka chilichonse kuti mpikisano ubwere kwawo, koma dzina la mpikisanowo si lake. Mawu oti F1, Formula 1 ndi Grand Prix ndi zizindikiro zamalonda za kampani ya Formula One Licensing. Ndalama za wailesi ya kanema, ndiponso kawirikawiri za zikwangwani za m'mbali mwa msewu, zimapita kwa eni Formula 1. Wokonza amatsala ndi matikiti ndi zina zochepa. Akafuna kugulitsa chipewa, kupereka chilolezo kwa opanga masewera a pakompyuta, kapena kuitana mipikisano ina yomwe si ya Formula 1, ayenera kukhala ndi dzina lakelake lomwe palibe angamulande. Ndipo dzina limakhala lako ukalilembetsa.

M'maiko a European Union ntchitoyi imachitikira ku ofesi ya EUIPO, yomwe ili mumzinda wa Alicante ku Spain komweko. Kalata imodzi imateteza dzina m'maiko onse 27. Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'magulu 45, ndipo umalipira malinga ndi magulu omwe wasankha: mayuro 850 gulu loyamba ukalembetsa pa intaneti, 50 lachiwiri, 150 lililonse lotsatira. Mwini bwalo amafuna gulu 41 la masewera ndi zisangalalo, 25 la zovala, 9 la mapulogalamu a pakompyuta, 28 la zidole, 16 la zosindikiza, mwinanso 43 la zakudya ndi malo ogona. Magulu asanu ndi limodzi amenewa ndi mayuro 1,500, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa phula. Ofesi ikaunika pempho imalilengeza, ndipo aliyense amene ali ndi dzina lofanana nalo ali ndi miyezi itatu yoti atsutse. Likadutsa limatetezedwa zaka khumi, n'kumawonjezera. Ukakhala zaka zisanu osaligwiritsa ntchito pa gulu lina, wina akhoza kupempha kuti alifafanize pa gululo. Dziko la Britain, komwe kuli matimu ambiri ndi ogula ambiri, lili ndi kalembera wake, ndipo kuyambira pomwe linatuluka mu European Union kalata ya EUIPO siigwirako ntchito, ndiye kumeneko n'kulembetsa kwapadera.

Mtengo si vuto. Vuto ndi lamulo lomwe limakana dzina longofotokoza chinthu kapena komwe chikuchokera. Khoti la European Union linagamula mu 1999, pa mlandu wokhudza nyanja ya Chiemsee ku Germany, kuti mayina a malo ayenera kukhala omasuka kwa amalonda onse ngati anthu angagwirizanitse malowo ndi katundu wotere. Choncho mawu oti Circuito de Madrid, pawokha, n'ngovuta kuwatsekera m'thumba la kampani imodzi, chifukwa akungonena kuti bwalo la ku Madrid. Mayina akale ngati Silverstone amadutsa chifukwa zaka zambirimbiri zinachititsa kuti anthu akamva dzinalo aziganiza za bwalo, osati za mudzi. Bwalo latsopano lilibe zaka zimenezo. Mawu opeka, omwe sali m'dikishonale iliyonse, amadutsa msanga, adiresi yake ya pa intaneti imakhala yopanda mwini, ndipo ukawalemba pa Google palibe china chotulukira. Zilembo zisanu ndi ziwiri zimasokedwa bwino pachipewa ndipo zimawerengeka pakhoma galimoto ikudutsa pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Pa mayeso onsewa Madring lakhoza.

Panalinso chopinga china pafupi. Bwalo lakale la Jarama, lomwe lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda ndipo mwini wake ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la RACE, linayamba kale kudzitcha Circuito de Madrid Jarama. Mabwalo awiri a dzina lofanana m'chigawo chimodzi ndi chisokonezo kwa wogula tikiti, woyendetsa takisi ndi loya yemwe.

Njira ina ikanakhala kutchula munthu. Spain ili nawo oyenera: Fernando Alonso, katswiri wa dziko lonse mu 2005 ndi 2006, ngakhale kwawo ndi ku Oviedo, Carlos Sainz wamkulu, mwana wa ku Madrid yemwe anapambana ukatswiri wa dziko lonse wa mipikisano ya rally mu 1990 ndi 1992, ndi mwana wake Carlos Sainz, yemwe anamusankha kukhala kazembe wa bwalo latsopanoli. Apa ndikugwirizana nawo amene anakana njirayi. Dzina la munthu wamoyo, amene akuyendetsabe ndipo ali ndi makampani omuthandiza, limamangirira bwalo ku zochita zake za mawa. Ndipo dzina la munthu likadalira amene ali pampando limasintha mpando ukasintha. Bwalo la mpira la ku Blantyre linachoka pa Rangeley kupita pa Kamuzu, n'kukhala Chichiri, n'kubwereranso pa Kamuzu, udzu uli womwewo.

Ngakhale dzina la womwalira siligwira nthawi zonse. Bwalo la ku São Paulo linapatsidwa dzina la José Carlos Pace mu 1985, munthu yemwe anapambana pomwepo mu 1975 n'kufa pa ngozi ya ndege mu 1977. Anthu amamulemekeza, chiboliboli chake chilipo, koma dziko lonse limati Interlagos, dzina la dera la pakati pa madamu awiri a Guarapiranga ndi Billings. La ku Imola pa zikalata ndi Autodromo Enzo e Dino Ferrari, mayina awiri olemera kwambiri m'masewerawa, koma pakamwa ndi Imola basi. Ku France ambiri amati Le Castellet ponena bwalo la Paul Ricard. Komwe dzina la munthu linagwira ndi ku Montreal, komwe bwalo la pachilumba cha Notre-Dame linakhala Circuit Gilles Villeneuve mu 1982. Linagwira chifukwa Villeneuve anapambana mpikisano woyamba pabwalolo mu 1978, anafa ku Zolder mu 1982 anthu akumukondabe kwambiri, ndipo dzina lakale linali ndi zaka zinayi zokha, lisanamere mizu.

Kugulitsa dzina kwa kampani ndiko kumabweretsa ndalama mwachangu, komanso ndiko kumatha msanga. Österreichring anaimanganso n'kukhala A1-Ring, dzina la kampani ya mafoni, ndipo Formula 1 inathamangapo kuyambira 1997 mpaka 2003. Mu 2011 inatsegulidwanso ngati Red Bull Ring. Msewu umodzi mayina atatu, ndipo olemba nkhani ambiri amangoti Spielberg, akale n'kumati Zeltweg, mayina a matauni a pamalopo ku Austria. Ku America bwalo la Charlotte linakhala Lowe's Motor Speedway kuyambira 1999 mpaka 2009, mgwirizano utatha n'kubwerera ku dzina lake. Kusintha kulikonse kumatanthauza zikwangwani za pamsewu, matikiti, mapu, mayunifolomu a ogwira ntchito, katundu wa m'sitolo wotsala ndi dzina lakale, ndi ziphaso. Mwina apa mpamene pali nzeru ina ya Madring: n'lalifupi moti kampani ikhoza kudzaika dzina lake patsogolo popanda kulifafaniza.

Chitsanzo chomwe a IFEMA akanachiyang'anitsitsa ndi cha kum'mawa kwa Germany. Mu 2000 kunatsegulidwa bwalo lalikulu m'dera la Lausitz, pamalo a mgodi wakale wa malasha. Pomanga ankalitcha Lausitzring, koma pofuna kukopa alendo analitsegula ndi dzina loti EuroSpeedway Lausitz, la Chingerezi, looneka ngati la dziko lonse. Anthu sanasiye kunena Lausitzring, ndipo m'kupita kwa zaka eni ake anagonja. Lero pansi pa kampani ya DEKRA dzina lakale ndilo lili pachipata. Ajeremani anabwereka mawu a Chingerezi n'kuwabweza. Asipanishi abwereka a Chijeremani pa chifukwa chofanana, chofuna kumveka kunja.

Kum'mwera kwa Africa kuno kuli chitsanzo cha mbali inayo. Bwalo la Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, linatsegulidwa mu 1961, ndipo dzina lake linachokera ku mawu a Chizulu otanthauza kwathu. Palibe analimasulira kwa Angerezi kapena Ataliyana, koma onse analiphunzira. Formula 1 inathamangako komaliza mu 1993, msewu unasinthidwa kwambiri, eni ake anasinthasintha mpaka Toby Venter anaugula mu 2014, koma dzinalo silinagwedezeke, ndipo nkhani yobweretsanso Formula 1 ku Africa ikabuka ndilo limatchulidwa poyamba. Suzuka, Zandvoort, Spa-Francorchamps, Mugello: palibe mwa awa lomwe linapekedwa kuti likomere mlendo. Mantha oti dzina la kwanu n'lovuta kwa akunja alibe umboni m'mbiri ya masewerawa.

Ena amasokoneza dzina la bwalo ndi dzina la mpikisano, chonsecho n'zinthu ziwiri, za eni awiri. Madrid inatenga dzina loti Spanish Grand Prix, lomwe linali ku Barcelona kuyambira 1991. Popeza mgwirizano wa Barcelona unali usanathe, mpikisano wa kumeneko pa kalendala ya 2026 unakhala Barcelona-Catalunya Grand Prix. Izi si zachilendo. Dziko likakhala ndi mipikisano iwiri, wachiwiri amaupezera dzina lina: Imola inakhala San Marino Grand Prix kuyambira 1981 mpaka 2006 ngakhale siili m'dziko la San Marino, ndipo Nürburgring inachititsa Luxembourg Grand Prix mu 1997 ndi 1998. Koma zili ndi zotsatira pa nkhani yathu. Mu São Paulo Grand Prix kapena Mexico City Grand Prix dzina la mzinda lili kale m'dzina la mpikisano. M'dzina la Spanish Grand Prix mulibe Madrid. Akuluakulu a mzinda ndi chigawo, José Luis Martínez-Almeida ndi Isabel Díaz Ayuso, anaimirira poyera kumbuyo kwa ntchitoyi pofuna kuti mzinda wawo umveke padziko lonse, ndiye malo okhawo otsala oikapo mawu oti Madrid anali dzina la bwalo. Chifukwa ichi n'chomveka kuposa zonse zomwe zinanenedwa pa tsiku lolengeza. Komabe mlendo amene sanauzidwe sawerenga Madrid m'mawu oti Madring, popeza d womaliza wasowa.

Chondidabwitsa n'chakuti anthu omwewa anakhoza bwino kwambiri pa mayina a makona. Pali Hortaleza, dzina la dera loyandikana nalo. Pali chitunda cha Las Cárcavas. Pali El Búnker, pafupi ndi malinga a konkire otsala pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain ya 1936 mpaka 1939. Pali makona olumikizana a Valdebebas, ndi El Parque chakumapeto, pafupi ndi paki ya Juan Carlos I. Onsewa ndi a Chisipanishi, ndipo aliyense akuloza chinthu chomwe munthu ataima pamalopo angachione. Choncho sikuti analibe mayina a kwawo, kapena ankaopa kuti owulutsa mawu adzaluma lilime.

Woposa onse ndi kona ya 12, La Monumental, dzina lomwe anthu a ku Madrid amatchulira bwalo lawo lalikulu lomenyanirana ndi ng'ombe la Las Ventas. Ndi kona yozungulira ngati theka la mwezi, yotalika kupitirira theka la kilomita, yopendekeka ndi 24 pa 100 alionse. Kunena kwina, pa msewu wa mamita 12 m'lifupi, m'mphepete mwakunja muli pamwamba ndi mamita pafupifupi 2.9 kuposa mwamkati, komwe ndi kupendekeka kwa madigiri 13 ndi theka. Ya ku Zandvoort, yomwe inakonzedwa ndi Dromo, kampani ya ku Italy yomwe inakonzanso bwalo la Madrid, imafika madigiri 18, koma ndi yaifupi. Kuthira phula pamalo opendekeka chonchi n'kovuta: makina oyala phula ndi opsinja amatsetserekera kumunsi, ndiye amafunika kuwagwira kapena kuwasintha kuti ayende mopendekeka, ndipo phula akazizira mosiyana pakati pa mzere wina ndi unzake pamatsala msoko womwe galimoto yotsika kwambiri ya Formula 1 imaumva. Kwa matayala, kupendekeka kumawonjezera kulemera kokanikizira pansi kwa nthawi yaitali, makamaka pa tayala lakunja. Ku Indianapolis mu 2005 kona yopendekeka madigiri 9 okha inagonjetsa matayala a Michelin, magalimoto 14 analowa m'garaja mpikisano usanayambe, n'kutsala asanu ndi imodzi. N'chifukwa chake opanga matayala amakweza mpweya wochepetsetsa wololedwa ndi kuchepetsa kupendekeka kwa mawilo pa mabwalo otere. Ngati pali malo pabwaloli omwe adzakhale m'kamwa mwa anthu, ndi amenewa, ndipo sindidzadabwa anthu akamadzati mpikisano wa ku La Monumental.

Ngakhale pa makona, chikwangwani sichilamula pakamwa. Ku Monza kona yomaliza inapatsidwa dzina la Michele Alboreto mu 2021, koma aliyense akunenabe Parabolica. Ku Montreal khoma la pa kona yomaliza linalibe dzina mpaka mu 1999, pomwe Damon Hill, Michael Schumacher ndi Jacques Villeneuve, onse akatswiri a dziko lonse, analiwomba pa mpikisano umodzi. Kuyambira pamenepo ndi khoma la akatswiri, popanda komiti yokhalapo pansi. Jarama nayo imakumbukika chifukwa cha mpikisano wake womaliza wa Formula 1 mu 1981, pomwe Gilles Villeneuve, pa Ferrari yothamanga m'njira zowongoka koma yovuta pa makona, anatsekereza Jacques Laffite, John Watson, Carlos Reutemann ndi Elio de Angelis, asanu onsewo n'kumaliza mkati mwa masekondi 1.24. Chaka choyamba cha bwalo latsopanoli, 2026, ndi chomwe malamulo a magalimoto asinthiratu, mphamvu ya magetsi yakwera kufika makilowati 350 ndipo mapiko akusintha kaimidwe galimoto ikuyenda. Mipikisano yake ikakhala ya ndawala yopanda kupitirirana, dzina lililonse lidzanyozeka. Ikakhala yokoma, anthu adzakhululukira Madring monga anazolowera COTA, chidule cha dzina la bwalo la Circuit of the Americas ku Austin.

Koma kukhululukira si kuvomereza kuti linali labwino. Chomwe chikanachitika n'chapafupi, ndipo mabwalo ambiri amachichita: mayina awiri, lililonse ndi ntchito yake. Madring likhale la sitolo, la pachipewa ndi pa intaneti, lotetezedwa ku Alicante m'magulu onse. Msewu weniweniwo, pa chiphaso cha Grade 1 chomwe FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, limapereka likauyendera ndipo chimaunikidwanso pakatha zaka zitatu, pa mapu ndi pa zikwangwani za mumsewu, ukhale Circuito de Valdebebas. Mawuwo pawokha akhoza kuvuta kulembetsa pa chifukwa cha malo chija, koma akaphatikizidwa ndi chojambula chapadera amalembetseka, ndipo zaka khumi za mpikisano n'zokwanira kuti dzinalo lidziwike palokha. Valdebebas ndi dzina la kamtsinje komwe kamathira mu Jarama, mtsinje womwe unapatsa dzina bwalo lakale. Pali kale siteshoni ya sitima ya dzina limenelo pafupi ndi mbali yatsopano ya bwaloli, ndiye mlendo wotsika ndege ku Barajas akanaliwerenga pa tikiti ya mpikisano ndi pa chikwangwani cha sitima mofanana. Okonda mpira padziko lonse amalidziwa kale chifukwa cha Real Madrid, ndipo amalitchula osaluma lilime.

Pali ndi chifukwa china chomwe sichikhudza malonda. Anthu a ku Valdebebas, Las Cárcavas ndi Hortaleza ndi amene anadandaula za phokoso, za mitengo yochotsedwa ndi za misewu yotsekedwa, ndipo ena anafika nazo kukhoti. Iwowa ndiwo azikhala ndi malole, mipanda ndi kulira kwa mainjini chaka chilichonse mpaka 2035. Kusintha dzina pa chiphaso ndi pa zikwangwani n'kotchipa zaka zoyambirira zino, katundu wa m'sitolo asanachuluke ndiponso opanga masewera a pakompyuta asanalikhomerere m'mapulogalamu awo. Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi mtengo wake udzakhala utakwera kwambiri.